Kuwonda kwa a Sikelo

Kuseri kwa bwalo la ndege kuli chishedi chachikulu chokonzeramo ndege, ndipo pakona pa chishedicho pali kachipinda ka waya ka windo limodzi. M'menemo ndimo ankagwira ntchito a Sikelo, wosunga zipangizo. Ukafuna sipanala, bawuti kapena chitini cha girisi, unkagogoda pawindopo n'kudikira. Mimba ndiyo inkayamba kufika, eni ake n'kumabwera pambuyo akupumira m'mwamba.

Anali munthu wamkulu thupi. Ovolosi ya kukampani sinkawakwana, moti akazi awo ankatenga ziwiri n'kupita nazo kwa telala kuti azilumikize. Anyamata ankati telalayo akangowaona mayiwo akubwera amayamba wamwa madzi. Koma a Sikelo sankakwiya nazo. Ankaseka nawo limodzi, chifukwa thupi lomwelo ndi limene linawapatsa ulemu umene wosunga zipangizo wina aliyense sanaulaweko.

Nkhani yake ili motere. Mpando wa woyendetsa ndege suli ngati wa pabalaza panu. Umayenda pa tinjanji tiwiri tokhala ndi mabowo, kuti wamfupi ausendeze kutsogolo, wamtali aubweze m'mbuyo. Ukafika pamene munthu akufuna, timapini tachitsulo timagwera m'mabowomo, mpando n'kugwira. Timapini timeneti tikaperepeseka, mpando umaoneka ngati wagwira pamene sunagwire. Ndege ikamanyamuka imakweza mphuno, thupi lonse la woyendetsa limatsamira kumbuyo, ndiye mpando wonama uja umathawa naye. Munthu akamagwa amagwira chimene chili m'manja, ndipo chimene chili m'manja mwa woyendetsa ndege ndi chiwongolero. Akachikoka mwadzidzidzi, mphuno ya ndege imaloza kumwamba kuposa muyezo, ndipo anthu onse ali m'mbuyomo amayamba kukumbukira mapemphero amene anasiya ali ana.

Buku la okonza ndege limati mpando ukakonzedwa uyesedwe ndi kachipangizo kokoka, kokhala ndi muvi woonetsa mphamvu. Kachipangizoko kanalipo kale. Chaka china anakatumiza kunja kuti akakaone ngati kakuwerenga bwino, ndipo kanakakonda kunjako. Sikanabwerenso. Tsiku lina ndege ikudikira, kapitawo wa nthawi imeneyo anakanda m'mutu, n'kuyang'ana uku ndi uku, maso ake n'kugwera pa windo la waya.

"Akulu, tabwerani mudzatikhalire."

Mwambo unayamba choncho. Mpando ukakonzedwa, wina ankapita pawindo n'kunena mawu omwewo. A Sikelo ankakhoma kachipinda kawo, n'kusamba m'manja ngati akupita kukadya kwa apongozi. Ankakwera masitepe pang'onopang'ono, n'kuvula nsapato pakhomo la ndege ngakhale panalibe amene anawauza kutero, n'kudzipanikiza pa kakhomo ka kutsogolo chammbali. Akakhala pa mpando wa kaputeni ankatsinzina, n'kuponda pansi ndi mapazi onse, n'kudziponyera kumbuyo ndi thupi lawo lonse. Mpando unkalira. Kenako a Sikelo ankatsegula maso n'kugamula mlandu ndi mawu amodzi: "Wagwira." Makaniko ankadinda chidindo chake, ndege n'kupita.

Musaganize kuti zinali zamasewera. Mipando ingapo inawathawa ndithu. Ulendo wina anakapezeka kukhomo miyendo ili m'mwamba, ndipo panafunika amuna anayi kuti awazule. Anatuluka akutsimphina koma akumwetulira, tsiku lonse n'kumauza aliyense wobwera pawindo kuti lero apulumutsa ndege yathunthu. Sankanama. Dzina la Sikelo linabadwa masiku amenewo, ndipo dzina lawo la ubatizo linatsala kwa akazi awo okha, iwonso ankaligwiritsa ntchito akakwiya basi.

Chodabwitsa n'chakuti munthuyu sanaulukepo. Anakhala pa mpando wa kaputeni wa ndege iliyonse ya kampaniyo, koma ndege zake zonse zinali zozimitsa injini. Ukawafunsa ankati, "Ine ndege ndimaidziwa ikakhala pansi. Kumwambako n'kwa achinyamata." Kunyumba nkhani inkafika itakula pang'ono. Akazi awo ankauza anzawo pa mpopi kuti palibe ndege imene imanyamuka bambo asanaivomereze, ndipo ana a mumzere mwawo ankawapatsa sawatcha akamadutsa.

Makaniko wa mipando anali mlamu wawo weniweni, amene anakwatira mlongo wawo wamng'ono. Anali wowonda ngati ndodo ya tsache, n'chifukwa chake ankatchedwa a Msomali. Ntchitoyo anaipeza chifukwa a Sikelo anakawalankhulira, ndipo ukwati nawo unayenda chimodzimodzi. Awiriwa akamakwera masitepe a ndege, anthu ankati taonani nambala teni ikukwera ndege.

Zinthu zinatembenuka kutangotsala pang'ono kuti a Sikelo apume pa ntchito. Anayamba kumwa madzi ngati ngamila, kutuluka panja pafupipafupi, maso kuchita chifunga. Kuchipatala anati ndi shuga. Dokotala analankhula mwaulemu, koma lamulo linagwera m'manja mwa akazi awo, ndipo mayi amenewo akagwira lamulo amaligwira ngati apolisi apamsewu. Shuga anatsekeredwa m'kabati, kiyi ali pakhosi. Buledi anasanduka kagawo kamodzi kowonekera kuseri. Nyama ya mafuta inaletsedwa. Anafika mpaka pokakumana ndi mayi wophika tiyi ku shedi, n'kuwauza kuti akadzangomva kuti bambo alawako supuni imodzi, nkhani yake idzathera kwa abusa.

Mayi wa tiyiyo ndi amene anandiuza zambiri mwa izi, ndipo iwo sanama pokhapokha ngati nkhani yafuna mchere.

A Sikelo anayamba kusungunuka. Matenda anadya mbali yawo, lamulo la kunyumba n'kudya yotsalayo. Khosi linatulukira, lomwe anthu ambiri sankadziwa kuti lilipo. Ovolosi ya ziwiri ija inayamba kulendewera ngati tenti ya pamaliro. Pawindo tsopano inkayamba kufika nkhope.

Nanga anzawo akanati chiyani? Munthu akudwala sumuuza kuti watha. Aliyense ankati, "Koma akulu mukuoneka bwino, mwabwerera unyamata." Ndipo mpando ukakonzedwa ankapitabe pawindo paja. Kuitana munthu wina kukanakhala ngati kuwauza kuti bokosi lanu tagula kale. Panali dalaivala wa thirakitala yokoka ndege, mnyamata wa thupi lake ndithu, amene akanatha ntchitoyo bwinobwino. Aliyense ankamuona. Palibe amene anamutchula.

Eni ake ankadziwa. Mayi wa tiyi akuti tsiku lina anamva a Sikelo akudutsa akulira ngwelengwele ngati ng'ombe ya belu. Atayang'anitsitsa anaona matumba a ovolosi atatupa. Munthu wamkulu, wa zidzukulu, ankati akaitanidwa amayamba wadzaza mabawuti ndi manati m'matumba onse, kuti mpando umumveko.

"Akulu, zimenezo n'zachiyani?" anafunsa mayiwo.

"Ndikukapereka kwa anyamata," anayankha osawayang'ana.

Mayiwo anabwerera ku ketulo yawo. Akuti tiyi wa tsiku limenelo anamuthira mchere ndi misozi, koma apo ndiye pamene ndikuti nkhani inafuna mchere.

Ndiye kunali kaputeni wina amene amakaniko ankamutchula kuti Chigubu, iye asakumva. Anali munthu wa msinkhu ndi thupi, wofanana ndi a Sikelo a kale. Tsiku lina atatera anadandaula kuti mpando wake ukuchita ngati ukufuna kuyenda wokha. A Msomali anaumasula, n'kuona kuti timapini tayamba kuperepeseka m'mphepete. Anapita pawindo kukafunsa tatsopano.

"Mulibe alamu," anatero a Sikelo. "Ndinapempha kalekale. Kumtunda akuti tidikire."

A Msomali anachita zimene munthu amachita akasowa chochita. Anatsuka tinjanji, kupala timapini, kupaka girisi, n'kubwezeretsa mpando. Kenako anaima pamwamba pa masitepe akupukuta manja. Pansi, dalaivala wa thirakitala anali atakhala pa tayala akudya mabisiketi. A Msomali anamuyang'ana nthawi yaitali. Anayang'ananso ku windo la waya, kumene alamu awo anali atayamba kale kukhoma chitseko. Anaganiza za madzulo, za mkazi wawo akufunsa kuti, "Ndamva kuti achimwene mwawachotsa pa mpando pamaso pa anthu?"

"Alamu," anaitana, "tabwerani mudzatikhalire."

A Sikelo anakwera, ngwelengwele. Anavula nsapato. Pa kakhomo kaja analowa mowongoka, osakhudza mbali. Anatsinzina, n'kudziponyera kumbuyo ndi mphamvu zonse zimene shuga anawasiyira. Mpando sunalire n'komwe.

"Tayesaninso alamu."

Anayesanso, mpaka thukuta.

"Wagwira," anatero.

M'mawa mwake ndege ija inadzaza anthu. Inathamanga bwinobwino, n'kukweza mphuno, ndipo pomwepo mpando unathawa ndi Kaputeni Chigubu mpaka kumapeto kwa tinjanji. Mapazi ake anachoka pa zopondera, manja n'kukoka chiwongolero. Ndege inaimirira ngati hatchi yolusa. Mwayi wake, wothandizira kaputeni, mtsikana wamfupi amene mpando wake unali bwino, anakankha chiwongolero chake ndi manja onse akukuwa kuti, "Siyani! Siyani!" Chigubu anasiya. Ndege inagwedezeka, n'kuweramanso, n'kuzungulira, n'kutera pomwe inanyamukira. Palibe anafa. Mayi wina anathyoka dzanja, katundu anagwera anthu pamutu, ndipo ambiri anatsika ndi mathalauza ofunika kuchapa.

Ofufuza ngozi anati abwera. Asanafike, kapitawo anasonkhanitsa amakaniko pa tiyi, ndipo nkhanga zinapangana kusanapse. Mpando unayesedwa monga mwa buku. Timapini tinaperepesekera mkati, mosaoneka ndi maso. Palibe wolakwa, ndi tsoka chabe, ndipo tsoka silinunkha. Za munthu wa m'sitolo wokhala pa mpando wa kaputeni, zimenezo sizinachitikepo, chifukwa chiphaso chake sichimulola ngakhale kuponda sitepe yoyamba.

A Msomali ndi amene anatumidwa pawindo.

"Alamu, akakufunsani, inu ndi wa zipangizo basi. Mumapereka sipanala, mumalandira sipanala."

"Nanga zokhala zija?"

"Zimenezo tiziiwale kaye."

"Tiziiwale? Zaka zonsezi?"

"Alamu, mwatsala pang'ono kupuma. Mukatchula, chiphaso chanu chapita, chidindo changa chapita. Mlongo wanu adya chiyani? Ingokhalani chete, mutuluke bwino ndi ulemu wanu."

A Sikelo anayang'ana mashelefu awo. "Chabwino," anatero. "Ndamva."

Ndipo anamvadi. Ofufuza anazungulira m'shedi, kufunsa uyu, kufunsa uyo, onse akuimba nyimbo imodzi. Zikanatha choncho. Koma mmodzi wa iwo, mayi wachitsikana wa magalasi, anafika pawindo la waya ndi funso laling'ono.

"Bambo, ndimafuna ndione kachipangizo koyesera mipando."

"Kanapita kunja, mayi."

"Liti?"

"Inu muli kusukulu, ndikhulupirira."

Mayiyo anakweza magalasi. "Ndiye mipando mumayesa ndi chiyani?"

Apa yankho linali lokonzeka, lophikidwa kale ndi kapitawo: sindikudziwa, ine ndi wa zipangizo. A Sikelo analitsegulira pakamwa. Mayi wa tiyi, amene mwangozi anali akupukuta tebulo loyera kale pafupi pomwepo, akuti anaona milomo ikuyamba kulinena. Koma mayi wa magalasi anawonjezera, mosaganiza choipa chilichonse:

"Kapena ndikafunse amakaniko. Inu za m'ndege simungazidziwe."

A Sikelo anaimirira.

"Mipando ndimayesa ndine."

"Inu?"

"Ndimakhalapo. Ndikadziponya kumbuyo, ngati uli wonama umathawa."

Mayiyo anayang'ana kamunthu kali m'kati mwa ovolosi yaikulu ija, khosi ngati la nkhuku yonyowa, ndipo anaseka. Sikunali kuseka kwachipongwe. Anangoganiza kuti madala akucheza. Koma kuseka kumeneko kunalowa pamene jakisoni wa dokotala sanafikepo.

"Musaseke mayi. Funsani aliyense muno. Ndege zonsezi zadutsa pansi pa ine. Ndinali munthu ine. Mpando umene wavuta uja ndinaukhalanso ndine dzana, ndipo ndinati wagwira, chifukwa kwa ine unagwiradi."

Mayiyo anasiya kuseka. Anapempha mpando, n'kukhala, n'kuyamba kufunsa bwinobwino. A Sikelo anafotokoza zonse, mosangalala ngati munthu amene wakhala akudikira mlendo kwa zaka zambiri. Anatchula mipando imene inawathawa, ndi ya ndege ziti, ndi amene anawazula. Za mabawuti okha ndi zimene anasunga.

Mayiyo anachitadi zimene anauzidwa: anafunsa aliyense. Koma nkhanga zinali zitakumananso. Kapitawo anapukusa mutu mwachisoni. Anati n'zoona, madalawa nthawi zina ankapezeka m'ndege. Amakonda kukhala kutsogolo n'kumayerekeza kuti akuuluka. Ndi munthu wamkulu, ndiponso akudwala, ndiye anthu ankangowamvera chisoni osawathamangitsa. Koma kuyesa mpando? Ndi thupi limenelo? Mayi, inunso mukuona.

Amakaniko anavomereza mmodzimmodzi. Amene anawazula pakhomo paja anati sakukumbuka. Mayiyo atafika pa a Msomali, iwo anayang'ana nsapato zawo n'kunena kuti, "Ndi alamu anga, ndimawalemekeza. Koma chiyambireni matendawa, mutu sukuyenda bwino."

Mayi wa magalasi sanali wopusa, ndipo akuti zimene analemba zinaluma kampani ndithu. Kachipangizo katsopano kanafika sabata isanathe, pamodzi ndi bokosi la timapini limene kumtunda ankati tidikire. Koma kampani ikalumidwa imafuna pokanda. Kapitawo anadzudzulidwa pakamwa. A Msomali anachenjezedwa, kenako anatumizidwa kunja kukaphunzira za mipando, ulendo wawo woyamba pa ndege. A Sikelo anaitanidwa ku ofesi ya pamwamba, kumene bwana wina amene sanawaonepo chiyambire anawauza kuti kulowa m'chipinda cha oyendetsa ndege popanda chilolezo ndi mlandu waukulu, ndipo kampani yawachitira chifundo posawapereka kupolisi. Anawalanda chiphaso pomwepo. Mlonda wa pageti, amene kwa zaka zambiri ankawapatsa moni wa "bwana Sikelo", anawaperekeza mpaka panja atawagwira pachigongono, akuyang'ana kumbali.

Mwambo wotsanzikana, umene opuma pa ntchito amachitiridwa m'shedi ndi zolankhula ndi zithunzi, sunachitike. Munthu wochotsedwa satsanzikidwa.

Patapita milungu ingapo, a Msomali atabwerako kunja kuja ndi jekete yatsopano, chikumbumtima chinawagwira anyamata a m'shedi. Anasonkherana, n'kutuma a Msomali ndi mkazi wawo kuti akapereke mphatso. Anafika Loweruka masana. A Sikelo anali pakhonde, atavala malaya a mwana wawo wamwamuna chifukwa awo onse anali aakulu. A Msomali anatsitsa mphatsoyo pamapazi pawo: kireti yathunthu ya zakumwa zotsekemera.

Akazi a a Sikelo anatuluka m'nyumba akupukuta manja. Anayang'ana kiretiyo, n'kuyang'ana alendowo.

"Mwabweretsera ndani?"

"Ndi ya alamu, kuchokera kwa anzawo," anatero a Msomali. "Akuti sanawaiwale."

"Sanawaiwale. Munthu wa shuga. Ntchito mwamulanda, misala mwamupatsa, ndiye mwati mumalizitse ndi mabotolo?"

"Mlamu, musatero," analowererapo mlongo wa a Sikelo. "Bambo akunyumba analibe kuchitira mwina. Achimwene akanangokhala chete, bwenzi onse ali pantchito. Anawapempha bwinobwino."

"Iwe," anatero a Sikelo. Sanakweze mawu. Anali asanamutchulepo mlongo wawo kuti iwe chikwatiwireni. "Ndinakulera ine. Ukuti ndikanati chiyani? Kuti sindinakhalepo?"

Mlongoyo anayamba kulira. A Msomali anagwada pang'ono, chipewa chili m'manja.

"Alamu, chibale ndi fupa. Tikhululukirane."

A Sikelo anawayang'ana nthawi yaitali, kuyambira ku nsapato mpaka ku jekete.

"Mumvetse alamu. Zoti mpando unathawa, mlandu ndi wanga ndi inu, tonse tinkaona kuti ndatha. Zoti andichotsa, ndi kampani, ilibe m'bale. Koma inu munaima pamaso pa mlendo n'kunena kuti mutu wanga sukuyenda. Ndiye munthu wopanda mutu akhululuka ndi chiyani?"

Ana a mumzere, amene anali atasonkhana pampanda kuonerera, anayamba kubalalika okha.

"Mayi," anatero a Sikelo kwa akazi awo, "alendowa akupita. Athandizeni kusenza katundu wawo."

"Asenza okha," anatero mayiwo. "Anabwera naye okha."

A Msomali anawerama n'kunyamula kireti ija. Inali yolemera kwa munthu wa thupi lawo, ndipo mkazi wawo anachita kugwira mbali inayo. Anatuluka pageti chammbali, mabotolo akugundana, ndipo palibe amene anawaperekeza.